Lipoti ndi limodzi, koma aliyense amaonamo zake

Mabwana ambiri omwe ndimawakonzera malipoti amayamba ndi funso lomweli: "Tili ndi nthambi 20, ndiye kuti tipange malipoti 20?" Ndimawayankha kuti ayi. Lipoti likhala limodzi, koma lizidziwa amene walitsegula.

Zimayenda motere. Mukalowa m'pulogalamu ndi dzina lanu ndi pasiwedi, dzinalo silithera pakhomo, pulogalamu imalisunga ndipo wokonza lipoti akhoza kuligwiritsa ntchito. Power BI, Tableau ndi Looker ndi mapulogalamu opangira malipoti. Mu Power BI muli fomula yotchedwa USERPRINCIPALNAME, yomwe imatulutsa dzina lomwe mwalowera, ndipo nthawi zambiri limaoneka ngati imelo. Tableau ili ndi USERNAME, komanso ISMEMBEROF yomwe imafunsa ngati munthuyo ali m'gulu lakutilakuti. Looker imalola woyang'anira kulemba zinthu pa dzina la munthu aliyense, monga dipatimenti kapena dera lake.

Dzina lokha silikwanira. Pamafunika katebulo kakang'ono ka madanga awiri: danga loyamba imelo ya wantchito, lachiwiri nambala ya nthambi yake. Manijala wa nthambi nambala 7 ali ndi mzere umodzi. Bwana woyang'anira nthambi zinayi ali ndi mizere inayi. Manijala uja akatsegula lipoti, pulogalamu imapeza imelo yake m'katebulomo, n'kuona 7, n'kusefa malonda onse kuti patsale a nthambi 7 okha. Iye sadziwa n'komwe kuti pasefedwa kanthu.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa kubisa ndi kukiya n'zosiyana. Sefa yoikidwa pa tsamba la lipoti imangobisa. Manambala a nthambi zina amakhala alipo kuseri, ndipo munthu amene ali ndi chilolezo chosintha lipotilo akhoza kungochotsa sefayo. Sefa yeniyeni imaikidwa pansi, pa deta penipeni, kuti mizere yosamukhudza munthu isafike n'komwe pa kompyuta yake. Akatswiri amati row-level security. Si nzeru yatsopano m'mapulogalamu osungira deta: Oracle inali nayo kale mu mtundu wake wa 8i, pomwe PostgreSQL 9.5 ndi SQL Server 2016 zinabwera nayo m'chaka cha 2016.

Ine ndinaphunzira movutikira. Pa kampani ina ndinakonza zonse bwinobwino mu Power BI, ndinayesa, zinatheka. Patapita sabata, manijala wina anandiimbira foni mwaulemu kwambiri, akuti, "Bambo, kodi ndimayenera kuona malipiro a anzanga a nthambi zina?" Thukuta linatuluka. Fomula inalibe vuto. Wina anali atawalowetsa mamanijala onse mu workspace (malo apaintaneti momwe lipoti limasungidwa) pa chilolezo cha Member, pofuna kuti asavutike kupeza lipotilo. Mu Power BI malamulo osefa aja amagwira anthu omwe ali pa Viewer okha, chilolezo chongoona basi. Amene ali pa Admin, Member kapena Contributor amaona zonse. Ndipo munthu akaikidwa m'magulu awiri a malamulo osefawo, pulogalamu siisankha gulu lothina, imaphatikiza zomwe magulu onse awiri amaloledwa kuona.

Pali kamsampha kena kwa ongoyamba kumene. Fomula ya USERNAME mu Power BI Desktop (Power BI ya pa kompyuta, yokonzera malipoti) imatulutsa dzina la domeni (netiweki ya kampani) ndi la munthu, koma lipoti lomwelo likaikidwa pa intaneti imatulutsa dzina looneka ngati imelo lija. Katebulo kakalembedwa mwa njira imodzi, kwinako lipoti limatuluka lopanda kanthu. Kunena zoona, vuto limeneli silindidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa munthu akaona tsamba loyera amadandaula tsiku lomwelo. Amene waona zochuluka kuposa zake nthawi zambiri amangokhala chete.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti munthu amene sakupezeka m'katebulo asaone chilichonse. Ena amalemba fomula yoti dzina likasowa, lipoti lionetse zonse, ati kuti mabwana akuluakulu asavutike. Ndiye kuti wantchito wolembedwa dzulo, yemwe sanalowetsedwe m'katebulo, aona zomwe amaona mkulu wa kampani.

Katebulo kameneka ndi komwe kamakalamba msanga. Anthu amasamutsidwa, amakwezedwa, ena amasiya ntchito. Munthu akachoka ku nthambi 7 kupita ku 12, aliyense amakumbukira kumuwonjezera mzere wa 12 chifukwa iye mwini amaufuna, koma wa 7 palibe amaukumbukira. Pakatha zaka zitatu mupeza kalaliki akuona theka la kampani. Ngati n'kotheka, katebulo kazichokera ku kaundula wa a HR kapena ku magulu a mu Microsoft Entra ID, pulogalamu yosunga mayina olowera a antchito, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Azure Active Directory, osati ku fayilo ya Excel yosungidwa ndi munthu mmodzi.

Musanapereke lipoti kwa anthu, liyeseni ngati munthu wina. Power BI Desktop ili ndi batani la View as lochitira zimenezi. Ine ndimayesa anthu atatu: manijala wa nthambi imodzi, bwana wa nthambi zingapo, ndi dzina lomwe mulibe m'katebulo. Kenako ndimafunsa kuti ndani ali ndi chilolezo chotulutsa lipotilo mu PDF kapena Excel, poti likangotuluka m'pulogalamu n'kulowa mu imelo, silifunsanso dzina la amene akuliwerenga.