Kubwerera ku ntchito mwana akadali woyamwa

Tchuthi cha uchembere sichichedwa kutha. Amayi ambiri amabwerera ku ntchito mwana ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo amene amadzidalira okha, monga ochita malonda ndi osoka zovala, nthawi zina amabwerera mwezi usanathe n'komwe. Nthawi imeneyi ndi imene ana ambiri amayamba kupatsidwa madzi, tiyi kapena mkaka wa m'chitini. Mayi sachita zimenezi chifukwa chosakonda mwana wake, koma chifukwa palibe amene anamuonetsa kuti angathe kusiya mkaka wake kunyumba iye ali kutali. Uthenga uno ndi wa inu mayi amene tsiku lobwerera ku ntchito layandikira, komanso wa munthu amene azitsala ndi mwana.

Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana aziyamwa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, kenako ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka atakwanitsa zaka 2 kapena kupitirira apo. Kuyamwitsa mwakathithi ndi kumpatsa mwana mkaka wa m'mawere wokha, kupatula mankhwala amene achipatala alemba. Ngakhale kunja kutenthe bwanji, mwanayo safuna madzi, chifukwa pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse a mkaka wa m'mawere ndi madzi omwe. Mumkakamo mulinso chitetezo chochokera m'thupi la mayi, n'chifukwa chake ana oyamwa mwakathithi satsegula m'mimba kapena kudwala chibayo pafupipafupi ngati anzawo. Kwa mayi wapantchito zimenezi zikutanthauzanso kujomba kochepa. Ndipo dziwani kuti mkaka umene mwafinya n'kumwetsa mwana pakapu ndi mkaka wa m'mawere ndithu. Mwana woteroyo akuyamwabe mwakathithi.

Mmene mkaka umapangikira

Mukamvetsa mfundo iyi, zotsalazo siziti zikuvuteni. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwamo. Mwana akamayamwa, kapena inu mukamafinya, thupi limatulutsa homoni yotchedwa prolactin imene imauza bere kuti lipange mkaka wina. Bere likakhala lodzaza kwa maola ambiri, thupi limamva ngati mkakawo sukufunika, ndiye limachepetsa. Mayi akachoka m'mawa n'kubwera madzulo osafinyako, pakangopita masiku ochepa amaona mkaka ukuchepa, n'kuyamba kunena kuti "mkaka wanga wauma". Nthawi zambiri umakhala usanaume. Akayambiranso kuyamwitsa ndi kufinya pafupipafupi, umabwerera.

Pali homoni inanso, oxytocin, imene imakankha mkaka kuti utuluke. Iyi imayenderana kwambiri ndi mtima wanu. Mantha, manyazi, ululu ndi changu zimaitsekereza, pomwe kukhazika mtima pansi ndi kuganizira mwana kumaithandiza. Amayi ena amayang'ana chithunzi cha mwana pafoni, ena amanyamula kamalaya kake n'kumakanunkhiza pofinya. Musazione ngati zachibwana, zimathandizadi.

Kufinya ndi manja

Yambani kuyeserera kutatsala masabata awiri kuti mubwerere ku ntchito. Masiku oyamba mungapeze timadontho tochepa pansi pa kapu, musataye mtima, dzanja limazolowera. M'mawa ndi pamene mkaka umakhala wambiri.

Sambani m'manja ndi sopo. Kapu kapena kabotolo kokhala ndi chivindikiro mukatsuke ndi sopo, mukathire madzi owira, kenako mukhuthule madziwo. Sisitani bere pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kutsikira kunsonga. Kansalu konyika m'madzi ofunda kamathandizanso. Ikani chala chachikulu pamwamba, pamalire a mbali yakuda ya bere, chala cholozera chikhale pansi moyang'anizana nacho. Kankhirani zala ziwirizi mkati molunjika pachifuwa, kenako finyani n'kumasula, finyani n'kumasula, osasuntha zala pakhungu. Musakoke nsonga ya bere kapena kuitsina, chifukwa mkaka suchokera pamenepo ndipo mungodzipweteka. Mkaka ukayamba kuchepa, sunthani zala mozungulira bere, kenako pitani ku linalo, n'kubwereranso. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 20 mpaka 30. Kufinya koyenera sikupweteka. Mukamva ululu, ndiye kuti zala zili posayenera. Amene muli ndi pampu yofinyira mkaka, tsukani ziwiya zake zonse zokhudza mkaka mukangomaliza.

Ku ntchito yesetsani kufinya maola atatu alionse, kapena kawiri kapena katatu patsiku la maola 8. Ngakhale mutasowa posungira, finyanibe, kuti bere lisalimbe komanso mkaka usachepe.

Kasungidwe kake

Mkaka wofinya kumene, wovindikira bwino, ungakhale maola 4 m'chipinda chimene kutentha kwake sikupitirira madigiri 25. Uikeni pamthunzi, pamalo ozizirirapo m'nyumba. M'kachikwama kosunga kuzizira kokhala ndi ayezi umakhala mpaka maola 24, ndipo umu ndi mmene mungaunyamulire pochoka ku ntchito. Mufiriji umakhala masiku 4. Muziuika chakumbuyo, osati pachitseko pamene pamatsegulidwatsegulidwa. Mufiriza umakhala bwino miyezi 6. Lembani tsiku pachivindikiro kuti woyamba kufinyidwa uyambe kumwedwa.

Sungani pang'onopang'ono, mamililita 60 mpaka 120 m'kabotolo kamodzi, kuti wotsala usamatayike. Mwana wa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 amamwa pafupifupi mamililita 750 pa maola 24, koma ana amasiyana, ndipo gawo lalikulu la mkakawu adzayamwa kwa inu m'mawa, madzulo ndi usiku.

Mkaka ukakhalitsa, mafuta amayandama pamwamba ndipo pansi pamaoneka ngati madzi. Sunawonongeke, ungofunika kuuzunguza pang'ono. Pofunditsa, ikani kabotolo m'mbale ya madzi ofunda. Musauwiritse pamoto kapena kuuika mu microwave, chifukwa kutentha kwambiri kumapha chitetezo chija komanso kungamuotche mwana m'kamwa. Mkaka wosungunuka kuchokera mufiriza usungidwe mufiriji, umwedwe pasanathe maola 24 ndipo usabwezedwenso mufiriza. Umene mwana wasiya m'kapu utayidwe pakapita maola awiri.

Kwa inu otsala ndi mwana

Kaya ndinu bambo a mwana, agogo kapena wolera, ntchito ya mayiyu ili m'manja mwanu. Azaumoyo amalimbikitsa kapu yaing'ono yopanda mlomo kusiyana ndi botolo, chifukwa kapu sivuta kutsuka pomwe mphira wa botolo umabisa litsiro. Mukhazikeni mwana pamiyendo panu atatsamira pang'ono, mutu mutauchirikiza. Gunditsani kapu pamlomo wake wam'munsi n'kuipendeka mpaka mkaka ungokhudza milomo. Mudzaona akutulutsa kalilime n'kumanyambita, kenako n'kumapsontha yekha. Musamuthire mkaka m'kamwa, angatsamwe. Akatseka pakamwa n'kutembenuza nkhope, wakhuta.

Mwana akalira si nthawi zonse pamene ali ndi njala. Muoneni thewera, mumunyamule, muyende naye. Chonde musamupatse madzi kapena chakudya china mwamseri poganiza kuti mukumuthandiza. Ngati mkaka wosiyidwa ukuchepa, auzeni mayi ake tsiku lomwelo. Ndipo nthawi yoti mayi afike ikayandikira, musamukhutitse kwambiri, kuti akafika ayamwe ndi mphamvu.

Kukambirana ndi abwana

Amayi ambiri amachita manyazi kutchula nkhani ya kufinya mkaka kwa owalemba ntchito, ndiye amakabisala m'chimbudzi. Chimbudzi si malo okonzera chakudya cha mwana. Pangano nambala 183 la m'chaka cha 2000 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limanena kuti mayi apatsidwe tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 14, ndiponso kuti akabwerera azipatsidwa nthawi yoyamwitsa tsiku lililonse kapena kuchepetseredwa maola, popanda kumudula malipiro. Si mayiko onse amene anavomereza panganoli, choncho funsani zimene malamulo a ntchito a dziko lanu amanena. Kambiranani musanabwerere, ndipo tchulani zenizeni zimene mukufuna: kachipinda kotsekeka, mpando, madzi osamba m'manja, ndi mphindi 30 kawiri patsiku. Bwana wanzeru amadziwa kuti mwana wosadwaladwala ndiye amasunga mayi pantchito.

Madzulo ndi usiku

Yamwitsani musanatuluke m'nyumba, ndipo mukangofika sambani m'manja n'kuyamwitsa musanagwire china chilichonse. Ana ena amamwa pang'ono masana n'kumadikira mayi, kenako usiku amayamwa mobwerezabwereza. Zimatopetsa, sitikukana, koma prolactin imachuluka usiku, motero kuyamwitsa kwa usiku ndi kumene kumasunga mkaka wanu. Masiku opuma musavutike ndi kapu, mwana angoyamwa.

Apa tinene mosabisa: mayi amene wagwira ntchito tsiku lonse, n'kufika kuphika, kuchapa, kusambitsa ana okulirapo, kenako n'kuchezera kuyamwitsa, sangapirire nthawi yaitali. Bambo ndi ena a m'nyumba atenge ntchito zinazo, popeza kuyamwitsa kokha n'kumene sangamulandire. Inu mayi idyani mokwanira, imwani madzi mukamva ludzu, ndipo kamwana kamkulu mukapatseko mphindi zochepa za iko kokha, chifukwa nako kanakusowani tsiku lonse. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mukungokhala wokhumudwa, kulira, kusowa tulo ngakhale mwana atagona, kapena kuganiza zodzivulaza, kauzeni azaumoyo. Amenewa ndi matenda odziwika kwa amayi obereka kumene ndipo ali ndi chithandizo.

Mwana amene akupeza mkaka wokwanira amakodza ka 6 kapena kupitirira pa maola 24, mkodzo wake sukhala wachikasu kwambiri, ndipo kusikelo amakwera. Akakwanitsa miyezi 6 yambani kumpatsa zakudya zofewa kawiri kapena katatu patsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 katatu kapena kanayi, akuyamwabe. Mayi amene ali ndi HIV amwe ma ARV tsiku lililonse osadumphitsa, ayamwitse mwakathithi miyezi 6, ndipo atsatire malangizo a kuchipatala pa za kupitiriza. Pa nkhani ya kulera, musadalire kuyamwitsa kokha mukayamba kusiyana ndi mwana maola ambiri. Funsani njira ina yoyenera mayi woyamwitsa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Bere likatupa mbali imodzi, kutentha ndi kupweteka, inu n'kumamva kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, musasiye kuyamwitsa bere limenelo. Mkaka wake suvulaza mwana. Pumulani, ikanipo kansalu kozizira mukatha kuyamwitsa, ndipo musalikanye mwamphamvu. Ngati pakutha maola 24 simukupeza bwino, kapena thupi latentha kwambiri, pitani kuchipatala.

Mwana musamugoneke kunyumba kudikira kuti mayi aweruke ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wafooka moti akuvuta kudzutsa, akupuma mofulumira kapena chifuwa chikulowa mkati, watentha thupi, kapena akutsegula m'mimba maso n'kulowa. Wotsala ndi mwana anyamuke naye nthawi yomweyo, mayi awaimbire ali m'njira. Tsiku loyamba la ntchito lisanafike, siyani nambala yanu ya foni, buku la kuchipatala la mwana ndi ndalama yoyendera pamalo amene wolerayo akuwadziwa.