Boti Limamwa Kawiri: Pamsewu ndi Panyanja

Ndimakonza injini za maboti kuno ku Blantyre, ndipo ambiri amadabwa akamva zimenezi poti mzinda uno ulibe nyanja. Koma maboti alipo ndithu. Ali m'mipanda ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, atakhala pa ngolo zake, atafunditsidwa malona, kudikira Khirisimasi kapena Pasaka. Zimandiwawa kuwaona akuuma ndi dzuwa chonchi, chifukwa ambiri injini zake n'zabwinobwino. Chawakhazika pansi ndi petulo.

Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi boti la injini ya mphamvu ya mahosipawa 150 limene anali atangogula kwa mnzake. "Amakaniko, taioneni injiniyi, ikutaya mafuta penapake. Thanki yonse yatha m'mawa umodzi ku Monkey Bay." Ndinafufuza mapaipi, sefa, mapulaga, osapeza dontho ngakhale limodzi. Ndinawauza kuti, "Bwana, injiniyi ilibe mlandu. Kadyedwe kake n'komweko."

Vuto n'lakuti timaliyeza boti ndi maso a galimoto. Galimoto ikathamanga mumalowetsa giya yapamwamba, pamtsetse n'kuchotsako phazi, iyo n'kumangogubuduka yokha. Panyanja palibe mtsetse. Madzi amalemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, ndipo injini ya boti ili ndi giya imodzi yokha yopita kutsogolo. Imakankha nthawi yonse, ngati lole yodzaza shuga imene ikukwera phiri kuchokera pa Thabwa, koma phiri lake losafika pamwamba. N'chifukwa chake ife sitiwerenga makilomita, timawerenga malita pa ola.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Injini ya petulo mukaitsegula mpaka kumapeto, mahosipawa 10 aliwonse amamwa pafupifupi malita 4 pa ola. Ya bambo aja ndiye kuti malita 55 kapena 60 pa ola limodzi lokha, mafuta okwanira kagalimoto kakang'ono kupita ku Lilongwe n'kubwerako. Msodzi wa usipa ndi kainjini kake ka mahosipawa 15 amadandaula kale, nanga inu a 150? Ndipo ngati injini yanu ndi ya 2-stroke, zija zomwa petulo wosakaniza ndi oyilo, onjezani oyiloyo: zambiri zimafuna lita imodzi pa malita 50 a petulo.

Apa ndipamene dzanja la woyendetsa limagamula mlandu. Boti lothamanga likamanyamuka limadzutsa mphuno kumwamba, kumbuyo kutamira, likukankha chimulu cha madzi. Pamenepo limamwa kwambiri koma osayenda. Ambiri, mwina poopa liwiro ana ali m'boti, amakhala pomwepo ulendo wonse. Musatero. Litseguleni likwere pamwamba pa madzi, mphuno igwe, kenaka bwezani pang'onopang'ono mpaka pamene likutsetserekabe koma injini yasiya kukuwa. Pamenepo mafuta amatha kutsika pafupifupi ndi theka, chonsecho liwiro mwangotaya pang'ono. Pulopela yopindika, ndere pansi pa boti, katundu wosafunika, zonsezi zimadya nawo. Mwera ukayamba, miyezi ya May mpaka August, mafunde amawonjezera pa bilu yomweyo, ndiye gawani thanki patatu: gawo lopitira, lobwerera, ndi lina losakhudza.

Koma musanafike n'komwe kunyanjako, boti layamba kale kumwa pamsewu. Kuchoka ku Blantyre kudzera Zomba ndi Liwonde kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wopita ku Cape Maclear amawonjezera ena, kumapeto kwake kokhala zitunda ndi makona. Galimoto yokoka boti imalimbana ndi kulemera komanso mphepo, ndipo mphepoyo imakula msanga mukamathamanga. Ine sindipitirira 80. Tsegulani kapulagi ka kumbuyo kwa boti madzi a mvula atuluke musananyamuke, pimani mpweya m'matayala a ngolo, ndipo potsika mapiri a ku Machinga gwiritsani giya yotsika, mabuleki angatenthe. Mukafika, dikirani mabelingi azizire musanabweze ngolo m'madzi. Akalowa akutentha amayamwa madzi, girisi n'kuwonongeka, ndipo pobwerera tayala limakutsanzikani pakati pa Ulongwe ndi Liwonde, dzuwa litalowa.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: timwetse kuno kapena uko? Malita 100 a petulo amalemera pafupifupi makilogalamu 75, choncho kumwetsera kunyanja kumapepuza ngolo. Komatu masiku a mizere pa mafilingi siteshoni, mutha kukoka boti ulendo wonsewo n'kukapeza mapampu ali gwa. Imbani foni kaye. Mafuta athu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo imene bungwe loona za mafuta la MERA limalengeza inakwera nthawi yomweyo. Zimenezo mwini boti sangazisinthe.

Chimene angasinthe n'kusasiya petulo akugona m'thanki. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Boti likakhala miyezi isanu pansi pa lona, madzi amadikha pansi pa thanki, kabuleta n'kutsekeka, ndipo mafuta amene munagula modula timawakhuthula ife pogwirira ntchito.

Bambo aja tinakhala nawo pansi ndi cholembera, tikuwerengera ulendo umodzi: dizilo wa galimoto kupita ndi kubwera, petulo wa maola anayi panyanja, girisi ndi matayala. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati kuli malo osungirako boti kufupi ndi gombe. Ndinawauza kuti malo ena ogona alendo amalola mukagwirizana nawo mtengo. Panopa boti lawo limakhala ku Mangochi, ndipo kuno amangobwera ndi pulopela m'buti ikafuna kuwongola.