Mukadyetsa mbalame pakhomo, kabawi naye mwamuitana

M'madera a mumzinda wa Blantyre ngati Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside, komwe mitengo ikadalipo, anthu ambiri tsopano amawaza mawere kapena kuika mbale ya madzi pabwalo kuti mbalame zizibwera. Pakangopita masabata angapo, dandaulo limene limatifika ife ogwira ntchito yosamala zachilengedwe limakhala limodzi: kabawi wayamba kugwira njiwa pomwe timazidyetsera, timuthamangitse bwanji? Yankho langa ndi lakuti musamuthamangitse, ndipo musamuphe. Konzani malo odyetserawo.

Kabawi wosaka mbalame zinzake m'tauni ndi wosiyana ndi uja amazungulira m'mwamba pamsika wa Ndirande kufuna zotayidwa. Uyu ali ndi mapiko aafupi ndi mchira wautali, zomwe zimamuthandiza kukhota msanga pakati pa nthambi. Amakhala phee mumtengo wa mango kapena wa jakaranda, kenako n'kutulukira chapansipansi, kuseri kwa mpanda. Wamkazi amakhala wamkulu kuposa wamwamuna, choncho wamkazi ndiye amakonda kugwira njiwa, pomwe wamwamuna amalimbana ndi mpheta ndi timbalame tina. Asanafike n'komwe, apumbwa amayamba kulira mokuwa, ndipo kamphindi komweko pabwalo pamakhala mbee. Maulendo ambiri kabawiyo amabwerera chimanjamanja, ndipo imene amagwira kawirikawiri ndi yodwala, yokalamba kapena mwana wosadziwa kuthawa.

Chimene chimapulumutsa mbalame ndi pothawira. Mbale ikhale mamita 2 kapena 3 kuchokera pachitsamba chowirira, monga bougainvillea kapena mpanda wamaluwa. Mukaiika pakati pa kapinga poyera, mbalame zilibe kolowera. Mukaiika pansi penipeni pa chitsamba, mwathandiza mphaka, ndipo amphaka amapha mbalame zambiri m'makomo mwathu kuposa akabawi. Samalaninso mawindo: mbalame yothawa imaona mitengo pagalasi n'kuliwomba mpaka kufa. Kabawi akazolowera kubwera tsiku ndi tsiku, lekani kudyetsa kwa sabata imodzi kapena awiri, gulu libalalike, iye akasake kwina.

Pa chakudya palibe zovuta. Mawere, mapira ndi mpendadzuwa n'zabwino kwa njiwa ndi mpheta, ndipo apumbwa amakonda papaya ndi nthochi zakupsa. Mkute wa nsima wokhala ndi ndiwo zamchere ayi, umangoitana akhwangwala ndi makoswe. Mtedza wachuku musayerekeze, chifukwa poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi cha mbalame monga achitira kwa munthu. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, madzi ndi ofunika kuposa chakudya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mbale zosatsuka. Njiwa zimadwala matenda otchedwa trichomonosis, omwe amachititsa zilonda zachikasu kukhosi. Mudzaiona yodwalayo itafufuma nthenga, ikutola njere n'kuilavula, malovu ali chuchuchu kukamwa. Tizilomboto timatsala m'madzi ndi m'chakudya, zinzake n'kutengera, ndipo kabawi akadya njiwayo naye amadwala. Sinthani madzi tsiku lililonse, tsukani mbale n'kuiyanika padzuwa. Mukaona yodwala, chotsani zonse kwa masabata angapo.

Ndikudziwa kuti ku Chilomoni kapena ku Bangwe nkhani si njiwa koma anapiye, ndipo mwanapiye ndi ndalama. Kupsa mtima kwa mwininkhuku ndimakumvetsa. Koma legeni siithetsa vutolo, pakuti mukapha mmodzi, wina amadzatenga malowo. Kakhola ka nsungwi kapena ka waya kofoleredwa pamwamba, m'masabata oyambirira anapiye akadali aang'ono, ndiye mankhwala ake. Nyama zakutchire, mbalame zomwe, zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2017.

Nkhalango ya phiri la Ndirande idatha, ya Soche ndi ya Michiru zikunka ziperepeseka, motero mitengo ikuluikulu ya m'mipanda ya anthu ndiyo yatsala yomangamo zisa. Akabawi ndi akadzidzi okhala m'mitengoyi amatithandiza kuchepetsa makoswe, koma mankhwala a makoswe amene timagula pamsika amawapha nawonso. Khoswe wodya mankhwalawa amayenda mwazendazenda kwa masiku angapo asanafe, ndipo ndi amene mbalame imayamba kugwira. Ngati makoswe akuvutitsani, tcherani msampha, ndipo chakudya chotsala pabwalo muzichisesa dzuwa lisanalowe.