Mpata wa pakati pa mawaya a pa polo: zomwe mwakhala mukutifunsa

Chiyambire mwera, ku ofesi yathu ya amisiri a magetsi pano pa Mangochi Boma kukubwera anthu ndi mafunso amodzimodzi, ena atanyamula wailesi yakupsa m'manja. Ena mwa mafunsowo tawayankha apa.

Kodi waya wa neutral ndi uti?
Pa mawaya anayi odutsa m'makwalala, atatu ndi amoto, wachinayi ndiye neutral, wobwezera magetsi ku thiransifoma.

Ndiye kuti ndi wosaopsa?
Ayi ndithu. Naye amayenda magetsi, musamukhudze.

Bwanji simungotiuza kuti mpatawo ndi wamamita angati?
Sikuti tikubisa. Muyezo si umodzi: umatengera mphamvu ya layini ndi kutalikirana kwa mapolo. Magetsi amphamvu kwambiri a 11kV kapena 33kV (mavoti 11,000 kapena 33,000) amatha kudumpha mumpweya waya asanakhudzane n'komwe, n'chifukwa chake akakhala polo imodzi ndi mawaya anayi aja a mavoti 400 (400V) amaikidwa pamwamba, patali. Komanso waya sakhala malo amodzi. Dzuwa la mu Okutobala limamufutukula, amalendewera. Mwera ukawomba amagwedezeka. Mpata wooneka wokwanira m'mawa ungachepe masana.

Mawaya anawombana, firiji ndi TV zanga zapsa. Alipira ndani?
Funso ili ndi lovuta, ndipo sitikulonjezani kanthu. Neutral akaduka kapena akagundana ndi waya wamoto, nyumba yoyenera kulandira 230V itha kulandira mphamvu yoyandikira 400V. Mababu amawala modabwitsa, kenako fungo la kupsa. Koma kuti wolakwa adziwike, pafunika kuona kaye pomwe vuto linayambira. Mapolo ndi mawaya ake ndi a ESCOM. Mawaya a m'nyumba mwanu ndi udindo wanu. Ngati gwero ndi nthambi ya mango a pakhomo panu, kapena waya amene wina anakokera kwa neba mobisa, nkhani imasintha. Ife timangoyeza ndi kulemba zomwe tapeza, chigamulo si chathu. Musataye katundu wakupsayo, lembani tsiku ndi nthawi, kanenani ku ESCOM msanga. Mukapanda kukhutira ndi yankho, madandaulo amapitanso ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Nanga si amisiri ena amalumikiza molakwika?
Tivomere, zimachitika. Funsani chiphaso cha MERA musanapereke ntchito kwa munthu.

Waya walendewera pafupi ndi thandala langa la usipa. Ndingamutukule ndi nsungwi?
Chonde musayerekeze. Izi taziona kumadoko, ndipo zimatidetsa nkhawa kwambiri. Nsungwi yonyowa imadutsa magetsi, ndiponso mukatukula waya wapansi mumamuyandikiza kwa anzake apamwamba, mpata uja n'kutha. Chotsanipo ana, sunthani thandala, muitane a ESCOM.