Maphunziro a chikhalidwe si kuvina beni chabe

Pa Boma la Mangochi ndamvapo anthu akunena kuti mwana wopita ku yunivesite kukaphunzira chikhalidwe ndi mbiri ya Afrika akungotaya fizi. Ati nthano ndi magule agogo ake angamuphunzitse ali pakhonde. Maganizowa ndi akalekale, koma ngolakwika.

Maphunzirowa amatenga dera limodzi n'kuliunika ndi maso angapo nthawi imodzi: mbiri, chiyankhulo, chipembedzo, chuma ngakhalenso nthaka ndi nyanja yake. Sukulu ya SOAS ku London, yunivesite yophunzitsa za Afrika ndi Asia, idayamba mu 1916 ndipo ntchito yake ndi yomweyi.

Tengani beni yemweyo. Ovina amavala ngati asilikali, maudindo awonso ndi ausilikali. Kuti umvetse chifukwa chake uyenera kudziwa kuti guleyu adachokera kugombe la kum'mawa kwa Afrika, potsanzira perete ya asilikali a azungu, ndipo adafalikira kwambiri nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Imeneyo ndi mbiri ya nkhondo, osati ng'oma zokha.

Nanga mizikiti yambiriyi? Yankho lili m'malonda a minyanga ndi akapolo omwe ankalumikiza mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda ndi doko la Kilwa kugombe la Tanzania. Tauni yathuyinso idayamba mu 1891 ngati linga la Fort Johnston, lomangidwa pofuna kutseka njira yomweyo m'mbali mwa Shire. Ambiri timadutsa pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho tikuthamangira minibasi, osafunsa n'komwe adaimanga ndani.