Kamera kunyumba kwa agogo: zoyenera kudziwa musanaimangirire

Ana ambiri ogwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni ali ndi makolo okalamba ku Khombedza, Chipoka ndi Senga Bay. Ena ayamba kumangirira kamera kumudzi kuti aziona pafoni ngati agogo adzuka bwino. Cholinga nchabwino, koma kamera imatola zambiri kuposa zomwe mwanayo akufuna.

Iye akungofuna kudziwa ngati agogo agwa. Kamera ijambulanso akuvula, alendo odzacheza, ngakhale mdzukulu wowasamala yemwe sanafunsidwe nkomwe. Choncho yambani ndi chipangizo chosaona nkhope. Kachipangizo kotchedwa PIR kamamva kutentha kwa thupi munthu akamadutsa, ndipo kamangonena kuti pakhomo padutsa munthu nthawi yakuti. Palinso chovala pamkono chomwe chimazindikira kugwa, ngakhale nthawi zina chimalira pachabe dzanja likagwedezeka mwamphamvu, monga posinja. Chikakhala ndi GPS chimaululanso kulikonse komwe apita.

Choopsa kwambiri ndi kanema kutuluka m'banja. Makamera otchipa ambiri amabwera ndi nambala yachinsinsi yodziwika kale, monga 123456, ndipo ogula saisintha. Foni timabwerekana, ina timaisiya kotchajitsa tsiku lonse. Munthu wodwala matenda oiwalaiwala amatha kutuluka usiku osavala bwino. Kanema wotere akafika pagulu la WhatsApp, mawu oyamba kumveka ndi akuti mfiti, ndipo tonse tikudziwa zomwe okalamba ena aona chifukwa cha dzina limeneli.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ukalamba suchotsa ufuluwu. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA, limakhudza makampani osunga uthenga wa anthu. Wovomereza ndi agogo eni ake, osati mwana amene wagula. Afotokozereni m'chinenero chawo, aonetseni pafoni zomwe kamerayo ikuona. Akaiphimba ndi chitenje, ayankha kale.

Ngati kamera ikufunikadi, iloze pakhonde basi. Kuchipinda, kubafa ndi kuchimbudzi ayi. Zimitsani mbali yojambula mawu, sinthani nambala yachinsinsi tsiku lomwelo, oonera asapose awiri, ndipo fufutani zojambulidwa sabata iliyonse. Funsani wogulitsa ngati zithunzi zikutsala mu memori khadi kapena zikupita ku kompyuta za kunja. Magetsi akathima kapena bandulo ikatha chipangizo chimangoti zii, choncho mnansi wodzazonda m'mawa uliwonse asasiye.