Wa ku Ngabu akakwera phiri lamoto mwezi wa Meyi

Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira ku New Zealand, ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Amalume, anzanga akuti tikayende ku Tongariro mwezi wa Meyi. Kodi phirilo silikatiphulikira?" Ndinamuyankha kuti za moto aziike kaye pambali, ayambe waona zovala zake. Iye ankayesa nthabwala. Ntchito yanga ndi yofufuza miyala ndi nthaka, ndipo njira yodutsa m'mapiri a kumeneko ndinaipondapo ndi mapazi angawa, choncho ndifotokoze bwinobwino.

Ife a kuchigwa kuno mapiri amoto si achilendo kwenikweni, kungoti athu anazima kalekale. Dothi lakuda la makande la ku Ngabu, limene limakanirira ku khasu mvula ikagwa n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja mu Okutobala, linachokera ku miyala yakuda imene inali chiphalaphala chamoto zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Miyala yabuluu ya agate imene anthu amakumba kumeneko inamera m'timabowo ta mpweya m'chiphalaphalacho chitazizira. Chathucho chinali chamadzimadzi ngati phala la mwana, chinkangoyenderera. Cha ku Tongariro n'cholimba. Amene anaphikapo nsima akudziwa kuti phala likayamba kukhuthala, mpweya umavutika kutuluka ndipo limakulavulira padzanja. Mapiri a kumeneko amachitanso chimodzimodzi: amaponya miyala ndi phulusa m'mwamba.

Paki ya Tongariro, malo otetezedwa ndi boma, ili pakati pa chilumba cha kumpoto cha New Zealand ndipo muli mapiri atatu amoyo: Ruapehu, Ngauruhoe ndi Tongariro. Inayamba mu 1887 pamene mfumu ya Amaori, Te Heuheu Tūkino IV, inagwirizana ndi boma kuti nsonga za mapiriwo zitetezedwe. Kwa eni dziko ndi malo opatulika, monga mmene a ku Nsanje amaonera nkhalango ya Khulubvi. Akakuuzani kuti musakhudze madzi a tinyanja tobiriwira ta pamwambapo, mverani, ngakhale foni ikuyabwa m'manja.

Tsopano za kuzizira. Meyi kumeneko ndi kumapeto kwa nyengo yoyoyoka masamba, chisanu chenicheni chili pakhomo. Ruapehu ndi wa mamita 2,797, wamfupi kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma amavala chipale chofewa chifukwa dzikolo lili kum'mwera kwambiri, kumene dzuwa la miyezi imeneyi limangodutsa m'mbali. Onjezani kuti mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo. Mumaimva kale zimenezi mukamakwera Thabwa pa minibasi, munthu n'kuyamba kufufuza juzi asanafike ku Blantyre. Njira yotchuka yodutsa pakati pa mapiriwa ndi ya makilomita pafupifupi 20, imatenga maola 7 kapena 8, ndipo pa dzenje la phiri lotchedwa Red Crater imafika mamita pafupifupi 1,900. Pamenepo palibe mtengo, palibe pobisala, mphepo ikungokuwombani.

Ine ndinapita nditavala jinzi ndi malaya a thonje m'kati mwa jekete labwino ndithu. Pokwera ndinatuluka thukuta ngati ndili pa msika wa Nchalo. Titaima pamwamba kuti tidye, malaya onyowa aja anasanduka ngati chiguduli chochokera mu fuliji. Zala zinakana kutsegula zipi ya chikwama, ndipo mnzanga atandifunsa funso ndinamva lilime langa likulemera. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi layamba kuzizira m'kati, ndipo munthu akafika apo nzeru nazo zimayamba kuthawa. Anandivula malaya aja pamphepo pomwepo n'kundiveka ake aubweya. Thonje limasunga madzi. Kwathu kuno ubwino wake ndi womwewo, koma paphiri limapha. Mwana wa mlimi wa thonje ine, zinandiwawa kuvomereza.

Chipale chikagwa msanga, njirayo imafuna nsapato zomangirira zitsulo zamano ndi munthu wodziwa kutsogolera. Ndiye funsani kaye ku ofesi ya alendo ku Whakapapa, kamudzi ka m'pakimo, ndipo nyamukani m'mamawa, chifukwa ikangokwana 5 koloko kwayamba kuda.

Sindikunena kuti moto kulibe. Pa 6 Ogasiti 2012 dzenje la Te Maari, pa phiri la Tongariro, linaphulika usiku, miyala inaboola denga la kanyumba kogona alendo ka Ketetahi, mwayi wake munalibe munthu. Fungo la mazira ovunda limene mumamva m'njira ndi mpweya wa sulufule, umboni woti pansi pakuwira. Koma mapiriwa amayang'aniridwa usana ndi usiku, ndipo bungwe la GeoNet limalengeza mlingo wa ngozi kuyambira 0 mpaka 5, aliyense atha kuona pa intaneti asananyamuke.

Chimene chinapha anthu ambiri kumeneko ife tili nalo dzina lake: napolo. Pamwamba pa Ruapehu pali nyanja m'dzenje la phirilo. Kuphulika kwa 1945 kunasiya phulusa litatseka potulukira madzi, ngati damu lomangidwa ndi mchenga. Usiku wa pa 24 Disembala 1953 damulo linagumuka, matope ndi miyala zinatsika mumtsinje wa Whangaehu n'kuswa mizati ya mlatho wa njanji pa Tangiwai. Patangopita mphindi zochepa sitima yochokera ku Wellington kupita ku Auckland inafika, ndipo anthu 151 anafa. Kunalibe mvula usiku umenewo. Mu Malichi 2007 napolo wina anatsika mumtsinje womwewo, koma makina ochenjeza analipo, msewu ndi njanji zinatsekedwa, ndipo palibe anafa.

N'chifukwa chake zikwangwani za pa Ruapehu zimati mukamva kulira kwa sayirini, tulukani m'khwawa, kwerani pamtunda. Izi mphwangayo sindinachite kumuphunzitsa. Anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, umene umatha kudzaza kuno kuli ngwee chifukwa mvula yagwa kumtunda. Ndinangomutumizira ndalama pang'ono kuti akagule malaya aubweya awiri ndi tochi.